Majekete akuda a kavalidwe ka nthawi ya Victoria: zimene ndinapeza m'sitolo ina ya mu Blantyre

Ndinayamba kufunafuna jekete la mtundu umenewu m'mwezi wa June, chiperoni chitakhazikika mumzinda kwa masiku anayi otsatizana, moti phiri la Soche silinkaoneka n'komwe kuchokera pakhomo panga. Sindinkafuna jekete la suti lopitira ku ofesi ayi, koma jekete lakuda lalitali, logwira m'chiuno ndi lotambasuka m'munsi, la mabatani ambiri ndi kolala yoimirira, limene ogulitsa pa intaneti amalitcha la gothic kapena la Victorian. Ndimalakatula ndakatulo pa zochitika za madzulo mumzinda muno, ndipo ndinali nditatopa kuima pamaso pa anthu nditavala ngati munthu wokafunsira ntchito ku banki. Mnzanga wina wojambula zithunzi ndiye anandilozera ku sitolo ina yaing'ono ya mkatikati mwa tauni, imene mwini wake ndi mayi amene amaitanitsa zovala zotere kuchokera ku China ndi ku Johannesburg. Dzina la sitoloyo ndilisunga, popeza zina zimene ndinene pano si zoyamikira.

Munthu asanaweruze ngati jekete lotere lamukwana, ayenera kudziwa kaye kuti linadulidwa motengera chiyani. Mfumukazi Victoria analamulira Britain kuyambira mu 1837 mpaka mu 1901, ndipo mwamuna wake Albert atamwalira mu December 1861, iye anavala zakuda mpaka tsiku la imfa yake, pafupifupi zaka 40. Zovala za namfedwa zinasanduka kavalidwe kolemekezeka, ndipo mikanda yakuda yosemedwa ku tauni ya Whitby ya ku England inkagulidwa kwambiri. Patapita zaka zambiri, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1980, achinyamata a ku Britain otsata mtundu wina wa nyimbo za rock wotchedwa goth anatola kavalidwe ka maliro kameneka n'kukasandutsa kawo, ndipo ku Whitby komweko akhala akusonkhana kuyambira mu 1994. Kwa ife a mu Blantyre nyengo ya Victoria si nkhani ya kutali monga mmene ena amaganizira. Mishoni imene inabala mzinda uno inakhazikitsidwa mu 1876, nyumba ya Mandala ndi ya mu 1882, tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, ndipo msewu waukulu wa m'tauni mpaka lero umatchedwa Victoria Avenue. Amene anaonapo zithunzi zakale za m'busa John Chilembwe ndi banja lake ku Mbombwe akudziwa kuti kavalidwe ka nyengo imeneyo kanafika kuno kalekale, ndipo makolo athu ena anakavala mwaulemu wake.

Jekete la amuna lotchuka pa nthawiyo, limene Angerezi amalitcha frock coat, limasiyana ndi la suti pa zinthu zitatu. Lili ndi msoko wozungulira m'chiuno, ndipo nsalu ya m'munsi, yofika cha m'mawondo, imadulidwa payokha n'kulumikizidwa pamsokowo. Mapewa ake ndi opapatiza, otsata thupi la mwini wake, ndipo m'khwapa amadula mokwera kuti munthu akakweza dzanja jekete lonse lisanyamuke. Majekete a gothic a masiku ano amatengera kadulidwe kameneka n'kuwonjezerapo veleveti, lesi, zingwe zomanga kumsana ndi mabatani achitsulo. Zokongoletsazo ndi zimene zimakoka maso, koma chimene chimachititsa kuti jekete likhale bwino pathupi ndi phewa ndi msoko wa m'chiuno uja, ndipo pamenepa ndi pamene ogula ambiri amalakwitsa, monga mmene inenso ndinatsala pang'ono kulakwitsira.

Sitoloyo ndi kachipinda kamodzi ka m'nyumba yosanja, kodzaza ndi zovala zakuda kuyambira pakhomo mpaka kukhoma lakumbuyo. Katundu ndi wosankhidwa bwino, ndipo pa zimenezi mayiwo ndiwayamikire, chifukwa sindikudziwa malo ena mumzinda muno pomwe munthu angapeze majekete otere opitirira khumi pamalo amodzi, a amuna ndi a akazi omwe. Anandilandira mwaulemu, sanandifulumize, ndipo anandilola kuvala ndi kuvula kwa ola lathunthu osaonetsa kutopa. Vuto ndi loti malo oyezerapo zovala ndi kangodya kotchingidwa ndi katani, galasi lake ndi lalifupi moti limathera m'ntchafu, ndipo babu ndi limodzi lofiirira. Nsalu yakuda imabisa makwinya ngakhale masana. M'kuwala kotereku jekete lililonse limaoneka ngati lakwana. Ndinapempha kuti ndizitulukira pawindo la pamasitepe, ndipo mtsikana wothandiza m'sitolomo ankandijambula kumsana ndi foni yanga kuti ndione zimene galasi silinkandionetsa.

Loyamba linali la veleveti, lolembedwa XL pakolala. Ine m'chifuwa ndine masentimita 102, amene ndi mainchesi 40, kutanthauza saizi 40 ya ku Britain kapena 50 ya maiko ena a ku Ulaya, ndipo pa kaunjika ndimavala L popanda vuto. Koma nditamanga batani lapakati, nsalu inakokana n'kupanga mizere inayi yochokera pabatanipo, ndipo nditayesa kupinda manja pachifuwa ndinamva msoko wa kumsana ukulira. Mayiwo anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, XL ya ku China si XL ya kuno." Ananena zoona, koma bwenzi zili bwino akanakhala kuti analemba miyezo yeniyeni pa jekete lililonse m'malo modikira kuti wogula athinidwe kaye. Ndinali nditatenga tepi, choncho tinaliyala patebulo, mabatani ali omanga, n'kuyeza kuchokera m'khwapa mpaka m'khwapa. Linakwana masentimita 52, kuwirikiza kawiri 104, ndiye kuti linkaposa chifuwa changa ndi masentimita 2 okha. Jekete lovala pamwamba pa malaya limafuna mpata wa masentimita 8 kapena 10, ndipo ngati mkati mudzakhala chiwesikoti kapena juzi yopyapyala, pamafunika woposerapo. Amene akuitanitsa pa intaneti aiwale za zilembo za L ndi XL, afunse wogulitsa muyezo wa m'khwapa, wa phewa mpaka phewa, wa mkono, ndi wa kuchokera pakhosi mpaka pamsoko wa m'chiuno.

Lachiwiri ndi limene linanditengera mtima, ndipo ndi limene linali pachidole pakhomo. Nsalu yake inali yolukidwa maluwa akuda pamwamba pa mtundu wofiira ngati vinyo, kolala ndi mathero a mikono zinali za veleveti, ndipo kutsogolo kunali mizere iwiri ya mabatani ooneka ngati siliva wakale. Linali 2XL. M'chifuwa linandikwana bwinobwino, mabatani anamangika popanda kukokana, ndipo m'galasi lalifupi lija ndinadziona ngati munthu wotuluka m'chithunzi cha m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Chithunzi cha kumsana ndicho chinandigwetsa mphwayi. Msoko wa phewa unali utapitirira fupa la phewa langa ndi zala ziwiri mbali iliyonse, moti kansalu kokhuthala kamene amaika mkati mwa phewa kanalendewera m'malere, ndipo pansi pake mkono unali utapindika kadzenje. Nditatsamira khoma chammbali, jekete ndilo linayamba kugunda khoma, mkono wanga usanafike. Kolala inali itatalikira khosi kumbuyo moti ndinalowetsamo zala zitatu. Choipitsitsa chinali msoko wa m'chiuno. Msoko umenewu umayenera kukhala pamene thupi limapindikira munthu akaweramira chammbali, pamwamba pang'ono pa mchombo, koma pa ine unagwera pa lamba wa thalauza. Zotsatira zake, nsalu ya m'munsi m'malo motambasuka kuchokera m'chiuno inkayambira pamatako, miyendo inaoneka yaifupi, ndipo maonekedwe onse a munthu wowongoka, amene ndiwo ulemerero wa kavalidwe ka nthawi ya Victoria, anasowa. Ndinaoneka ngati mwana amene wabwereka jekete la amalume ake popita ku ukwati.

Mayiwo anandilimbikitsa kuti ndilitenge, nati telala aliyense angandibwezere. Apa ndi pamene sindinagwirizane nawo, ndipo ndikuona kuti malangizo otere amawonongetsa anthu ndalama. Kubweza m'mbali kapena kufupikitsa mikono ndi ntchito yapafupi. Kubweza phewa kumafuna kuchotsa mikono yonse iwiri, kuphwasula nsalu ya mkati, kudula phewa ndi khwapa mwatsopano, kenaka kubwezeretsa mikono imene tsopano yakula kuposa malo ake. Ndipo pansalu ya maluwa, maluwawo sakumananso pamsoko. Kukweza msoko wa m'chiuno n'kofanana ndi kusoka jekete latsopano. Veleveti nayonso siikhululuka, chifukwa pamene padutsa singano pamatsala mzere ngakhale ulusi utachotsedwa. Ndinalivula, ndipo ndivomere kuti ndinalivula monyinyirika.

Lachitatu linali losadzionetsera. Linali lakuda lokhalokha, la nsalu yolemerera, mzere umodzi wa mabatani asanu ndi awiri, kolala yoimirira, ndi zingwe zopingasa kumsana zomangira m'chiuno. Pahang'ala linkaoneka ngati mkanjo wa abusa. Nditalivala, msoko wa phewa unakhala ndendende pamapeto pa fupa, kolala inagona pakhosi, ndipo msoko wa m'chiuno unagwera pamalo ake. Ndinakweza dzanja monga mmene munthu amachitira poimitsa minibasi, ndipo jekete linanyamuka pang'ono chabe. Ndinakhala pampando, ndipo nsalu ya kumbuyo, imene ndi yong'ambika pakati, inagawikana bwino osandimanga m'ntchafu. Zolakwika zinali ziwiri zokha: mikono inapitirira ndi masentimita 3, kufika pakati pa chikhatho m'malo mothera pa kafupa ka pamene timavala wotchi, ndipo m'mbali linali lotayirira pang'ono. Zingwe za kumsana zimathandiza kubweza pang'ono, koma munthu akazikoka mopitiriza nsalu imakwinyika ngati thumba la ufa lomangidwa pakamwa, choncho si zodalira.

Mtengo wake anati K135,000, ndipo titanenererana tinagwirizana K120,000, imene ndinalipira pa foni. Ndi ndalama zambiri pa chovala chimene munthu sangavale tsiku ndi tsiku, ngakhale ndikumvetsa kuti chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense woitanitsa katundu kunja akulira ndi ndalama zakunja, mtengo wonyamulira ndi msonkho. Chimene sindinakonde ndi lamulo lawo loti katundu akatuluka pakhomo sabwezedwa kapena kusinthidwa. Sitolo imene ilibe galasi lalitali, ilibe kuwala kokwanira, ndipo zilembo za saizi zake n'zosadalirika, siyenera kuuma mtima chotero.

Tsiku lotsatira ndinapita nalo ku Limbe kwa telala wanga wa zaka zambiri, bambo wachikulire amene amasokera pakhonde la sitolo ndi makina a Singer opalasa ndi mwendo. Asanandiveke, analitembenuza kaye n'kuyamba kufufuza misoko ndi chala. Anandionetsa kuti nsalu yotsalira mkati mwa misoko siinkakwana ndi sentimita imodzi yomwe, kutanthauza kuti ndikanagula lothina lija, sakanapeza pofutukulira. Kenaka anandiimiritsa pakhondepo, anthu akudutsa n'kumacheuka, nandizungulira kawiri ali ndi choko m'manja ndi mapini pakamwa. Anagwira phewa, nagwedeza mutu movomereza, nati, "Apa sindikhudzapo, bambo. Mukanabwera nalo lolakwika apa ndikanakubwezani nalo." M'mbali anabweza sentimita imodzi ndi theka mbali iliyonse, kuyambira pansi pa khwapa mpaka pamsoko wa m'chiuno, osapitirira, kuti nsalu ya m'munsi isataye kutambasuka kwake. Mikono inawavutitsa pang'ono, chifukwa kumathero kwake kuli kansalu kopindira kokhala ndi mabatani atatu, ndiye anachita kukachotsa, kudula mkono, n'kukabwezeretsa. Ntchito yonse inatenga masiku awiri ndipo anandilipiritsa K9,000.

Iwo omwewo ndi amene anathetsa mkangano wa nsalu. M'sitolo anandiuza kuti muli ubweya pang'ono, koma kachikwangwani ka mkati kanali ka m'Chitchaina. Bamboyo anatenga kachidutswa kotsala pa mkono, nakayatsa ndi machesi. Ubweya ukapsa umanunkha ngati tsitsi lowauka ndipo umasiya phulusa lofumbutuka ndi zala, koma kachidutswaka kanafwanyala, kanasungunuka, n'kusiya kampira kakuda kolimba. Ndi poliyesita. Sindikunena kuti mayiwo ananama dala, mwina nawonso anangouzidwa, koma wogula adziwe kuti akulipirira kadulidwe, osati nsalu. Poliyesita siipuma, ndipo ngakhale usiku wa July, munthu akaima pansi pa magetsi a pasiteji kwa mphindi makumi awiri, kumsana kumanyowa. M'mwezi wa October jekete ili ndi loika m'kabati basi.

Pa masabata asanu ndi limodzi amene ndakhala nalo, ndalivala kasanu, ndipo zofooka zake zaonekera. Mabatani awiri anathothoka sabata yoyamba, chifukwa anangokolekedwa ndi ulusi wochepa, ndipo jeketelo silinabwere ndi batani lapadera ngakhale limodzi; mwamwayi onse awiri ndinawatola, ndipo ndinapempha telala kuti asokenso onse ndi ulusi wolimba. Utoto wakuda unadetsa kolala ya malaya anga oyera tsiku loyamba, pamene ndinanyowa ndi mvula yamawawa pochokera ku Chichiri. Nsalu ya mkati ndi yopyapyala moti ndikuona kale kuti m'khwapa ndimo muyambire kung'ambika. Timabowo tachitsulo todutsamo zingwe za kumsana tili bwino mpaka pano, ndipo nsalu ya kunja siinatuwe kapena kutuluka timpira. Pa kasamalidwe, simbi yamakala isayandikire n'komwe, ndipo ngakhale ya magetsi iyenera kudutsa pamwamba pa kansalu konyowa. Ndimalipachika pa hang'ala yamatabwa ya mapewa otakata, chifukwa ya waya imaboola mapewa, ndipo chiperoni chikatha ndimalitulutsa pamthunzi kuti lipitidwe mphepo lisachite nkhungu.

Pofuna kuyerekeza, ndinazungulirako pa kaunjika mumsika wa Limbe tsiku limene ndinkakatenga jekete kwa telala. Jekete la gothic lenileni silipezeka wamba m'belo, koma makhoti aatali a ubweya weniweni, ena odulidwa ndi msoko wa m'chiuno, amapezeka nyengo yozizira, ndipo lina labwino ndithu anandiuza K28,000 tisanayambe kunenerera. Nsalu yake inali yoposa ya langa kutalitali. Munthu woleza mtima akhoza kugula lotere lokwana m'mapewa, n'kukaikitsa kolala ya veleveti ndi mabatani achitsulo kwa telala, ndipo sangafike ndi pa theka la ndalama zimene ine ndinawononga. Achenjere chabe ndi mbali imene mabatani ali, chifukwa ambiri mwa makhoti ogwira m'chiuno a pa kaunjika ndi a akazi: la amuna mabatani ake amakhala kumanja kwa wovala, la akazi kumanzere, ndipo la akazi limakhalanso ndi malo a mabere amene pa mwamuna amangotukumuka opanda kanthu. Kwa amayi ndi atsikana ofuna kavalidwe kameneka, kaunjika ndiye ali ndi mwayi wochuluka kuposa sitolo.

Za mmene anthu amalilandirira, wogula akonzekere. Tsiku loyamba kutuluka nalo, mayi woyandikana nawo nyumba anandiimitsa pageti n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi kwagwanji, bambo?" Kondakitala wa minibasi ya ku Limbe anandipatsa mpando wakutsogolo akunditcha mneneri, ndipo mlongo wanga anandichenjeza kuti ndisadzayerekeze kupita nalo kumudzi, kuopa kuti anthu angandinenere zina. Koma pasiteji linachita zimene ndinaligulira. Limandikakamiza kuima chowongoka, ndipo ndikatembenuka nsalu ya m'munsi imatsatira mochedwerapo pang'ono, chinthu chimene jekete la suti silingachite.

Sitoloyo ndingailozere munthu amene akufuna kuona ndi kugwira majekete otere asanatulutse ndalama, chifukwa kuyeza pathupi kumaposa kuitanitsa pa intaneti n'kudikira mwezi wathunthu chinthu chimene mwina sichidzakwana. Apite masana, atenge tepi, avale malaya amene adzavalire jeketelo, ndipo apite ndi mnzake womuyang'ana kumsana amene sachita manyazi kunena zoona. Akauzidwa kuti telala adzabweza, afunse kuti adzabweza pati.

Sabata yatha ndinabwererako kukawauza mayiwo za mabatani ndi utoto. Anandimvetsera bwino, anapepesa, nandipatsa mabatani awiri ofanana ndi anga amene anawapeza m'kabotolo ka m'dirowa, ndipo anati galasi lalitali analiitanitsa kale. Jekete lofiira la maluwa akuda lija linali likadali pachidole pakhomo, litagwira m'chiuno mokongola monga tsiku loyamba lija. Potuluka ndinasuzumira kumbuyo kwa chidolecho, ndipo ndinapeza kuti nsalu ya kumsana inali yopindidwa n'kupanidwa ndi mapegi anayi oyanikira zovala, awiri m'chiuno ndi limodzi pansi pa phewa lililonse.